Mzati nawo ndi mbali ya eriyo

Maeriyo ambiri a mtundu wa Yagi, aja ooneka ngati minga ya nsomba, amabwera ndi chomangira pakatikati pa msana wake. Wopanga anachiika pamenepo pa chifukwa chomveka: ndi pamene kulemera kwa kutsogolo ndi kwa kumbuyo kumalingana, ndipo mphepo ikaomba eriyo siweramira mbali imodzi. Tindodo take tikagona chopingasa, monga momwe maeriyo ambiri a kanema amaikidwira, chomangiracho sichilakwa kanthu. Koma munthu akatembenuza eriyoyo kuti tindodo tiimirire, pofuna kulankhula ndi wailesi za m'manja, za m'galimoto kapena repeater ya paphiri imene imalandira mawu n'kuwatumizanso kutali, mzati wachitsulo umene wanyamula eriyo umapezeka waima pakati pa tindodoto, chilili ngati tomweto, monga mlendo amene walowa m'gule asakudziwa kapondedwe kake. Ganizo langa ndi limodzi. Amene akusankha eriyo yolozera mbali imodzi yoti igwire mafunde oimirira asayambire pa nambala yolembedwa pakatoni. Ayambire pa mzati umene ali nawo ndi njira imene waya adzatsikire, kenako asankhe eriyo imene ingakhalitsane ndi ziwirizo, ngakhale itakhala yaifupi ndi ya nambala yaing'ono.

Kuti zimenezi zimveke tiyambe ndi chimene akatswiri amachitcha polarization, chomwe ine ndichitcha kaimidwe ka mafunde. Funde la wailesi likamayenda limanyamula mphamvu yamagetsi imene imakankha ndi kukoka mobwerezabwereza, ndipo kukankhako kuli ndi mbali yake. Kandodo kotumiza kakaimirira, mphamvuyo imakankha chokweza ndi chotsitsa. Kakagona, imakankha cham'mbali. Kwa wolandira, magetsi a m'kandodo ali ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, imene imangoyenda motsata ulusiwo basi. Funde lokankha motsata utali wa kandodo limaiyendetsa mikandayo ndipo wailesi imamva. Funde lokankha mopingasa lilibe poiyendetsera, kupatula kunenepa kwa kandodoko komwe n'kochepa zedi. Masamu ake savuta kukumbukira. Maeriyo awiri akasiyana ndi madigiri 10, pa magawo 100 a mphamvu pamatayika pafupifupi 3, zomwe palibe khutu lingazindikire. Pa madigiri 30 pamatayika gawo limodzi mwa magawo 4. Pa madigiri 45 theka lapita, ndiwo ma dB 3 amene amatchulidwatchulidwa aja. Pa madigiri 90 papepala sipayenera kutsala kanthu, koma popeza palibe eriyo yangwiro ndiponso mafunde amagunda zinthu m'njira, chimene chimaoneka kawirikawiri ndi kutsika kwa ma dB 20 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti pa magawo 100 patsala limodzi. Amene anaonapo mmisiri akupotoza pang'onopang'ono ka LNB pa dishi ya DStv mpaka chithunzi chitakhazikika anaona nkhani yomweyi, pakuti setilaiti imatumiza matchanelo ena pa mafunde oimirira, ena pa ogona, ndipo dikoda imasankha pakati pa awiriwo potumiza mavolti 13 kapena 18 m'waya.

Kaimidwe ka mafunde wogula amakapeza katasankhidwa kale ndi amene akufuna kulankhula naye. Wailesi ya m'manja ya mlonda, ya m'galimoto yonyamula odwala, ya m'sitima ya panyanja imene imatchera khutu pa tchanelo 16, pa 156.8 MHz, zonsezi zili ndi kandodo koimirira. Chifukwa chake n'chakuti kandodo koimirira kamamva mofanana mbali zonse zozungulira, pamene kogona n'kogontha kumene nsonga zake zaloza. Galimoto ya kandodo kogona bwenzi ikutaya mawu nthawi iliyonse ikakhota. Ndiponso pa 145 MHz kandodo ka masentimita 50 okha pamwamba pa galimoto n'kokwanira. Anthu a amateur radio, aja olankhulana pa wailesi mongokonda, amene ku Africa kuno ndi ku Ulaya ali ndi malo awo kuyambira 144 mpaka 146 MHz, anazolowera kalekale kuti FM ndi ma repeater ziziyenda pa mafunde oimirira, pamene ofunana kutali pa SSB ndi Morse amagoneka maeriyo awo. Ngakhale nyumba zazikulu zoulutsira mawu zinagonjera kandodo koimirira. BBC itayamba kuulutsa pa FM kuchokera ku Wrotham mu 1955 inkatumiza mafunde ogona, poganizira eriyo ya padenga la nyumba. Wailesi za m'galimoto ndi zonyamula m'manja zitachuluka, m'zaka za m'ma 1980 inakonzanso nsanja zake kuti zizitumiza mafunde osakaniza. Ku Britain komweko, nsanja zikuluzikulu za kanema zimatumiza mafunde ogona pamene tinsanja tambiri tothandizira m'zigwa timatumiza oimirira, mwadala, kuti ma dB 20 aja akhale mpanda woletsa ziwirizi kusokonezana.

Tione tsopano zimene manambalawa amachita ndi ndalama ya wogula. Yagi ya tindodo 9 ya pa 145 MHz, ya msana wopitirira mamita 3, imakhala ndi gain, nambala ya pakatoni ija yosonyeza mmene eriyo imasonkhanitsira mphamvu mbali imodzi, ya pafupifupi 13 dBi. Kandodo kamodzi kodulidwa pakati n'kulumikizidwa waya, kamene amakatcha dipole, kotalika pafupifupi mita imodzi, kali ndi 2.15 dBi. Gonekani Yagi ija pamene mnzanu waimiritsa yake, chotsani 20 pa 13, mwatsala ndi 7 kunsi kwa ziro: eriyo yodula ija ikumva mofooka pafupifupi ka 8 poyerekeza ndi kandodo kamodzi koimirira kamene mwana wasukulu angapange ndi waya wa kopa. Apa ambiri amavomereza msanga, n'kumasula mabawuti, n'kutembenuza eriyo. Vuto limene likundilembetsa limayambira pomwepo, ndipo pakatoni salitchula.

Yagi imagwira ntchito chifukwa cha tindodo timene sitinalumikizidwe ku waya aliyense. Shintaro Uda anaiyesa ku yunivesite ya Tohoku ku Sendai mu 1926, akugwira ntchito pansi pa Hidetsugu Yagi, ndipo dzina la Yagi ndi limene linatchuka chifukwa ndiye analemba za eriyoyi m'Chingelezi mu 1928. Pa tindodo tonse, kamodzi kokha ndiko kamalandira mphamvu kuchokera ku waya. Kakumbuyo, kotalikirapo ndi magawo pafupifupi 5 pa 100, ndi takutsogolo, tofupikirapo, timangotola mphamvu mumlengalenga n'kuibwezanso pa nthawi yosiyanako pang'ono, kotero kuti kutsogolo mafunde amafikira pamodzi n'kuphatikizana, kumbuyo amafafanizana. Zonse zimadalira utali wa kandodo kalikonse ndi mtunda wa pakati pake ndi kanzake, ndipo pa 145 MHz kulakwitsa ndi masentimita ochepa n'kokwanira kusintha khalidwe la eriyo. Tsono ngati chitsulo chosalumikizidwa chili ndi mphamvu yotere, tingaganize bwanji kuti mzati wachitsulo woima motsatana ndi tindodo, pakati penipeni pake, ungokhala duu? Mafunde sasiyanitsa kandodo ndi paipi ya madzi. Amayendetsa magetsi mu zonse ziwiri, ndipo mzati nawo umabweza mphamvu yake pa nthawi imene wopanga eriyo sanaiwerengere. Tindodo tikagona, mzati umakhala mopingasa ndi mafunde ndipo kugontha kuja kwa madigiri 90 kumaubisa. Ndicho chifukwa chake chomangira cha pakati chinazolowereka popanda wodandaula. Tikaimirira, kubisalako kwatha. Gain imatsika, kumbuyo kumene kumayenera kukhala kogontha kumayamba kumva, ndipo mafunde amatha kupendekera m'mwamba kapena pansi, kusiya kuloza kumene dziko lakumanira ndi thambo, komwe kuli mnzanu. Kukula kwa chotayika kumadalira utali wa mzati ndi malo amene wadutsa, ndipo chimenechi n'chimene chimandidetsa nkhawa koposa: munthu amagula chinthu chimene akatswiri anachiyeza mosamala, n'kuchisandutsa chinthu chimene palibe anachiyezapo.

Pali mzati wachiwiri umene anthu sauona, ndiye waya. Waya wa coax ali ndi ukonde wa kopa kunsi kwa chikopa chake chakuda, ndipo kwa mafunde ukondewo ndi ndodo yachitsulo ngati ina iliyonse. Munthu akhoza kuvutikira kupeza mzati wosakhala wachitsulo, kenako n'kusiya waya akulendewera kuchokera pa kandodo kolandira mphamvu, motsatana ndi theka lakunsi la kandodoko, ndipo zonse zimene anazithawa zamubwereranso. Waya ayenera kuyenda chogona motsata msana mpaka atadutsa kandodo kakumbuyo, apitirireko pang'ono, ndiyeno atsike. Cholakwa chimenechi chimakhalitsa zaka chifukwa chodalira mita ya SWR mopitirira muyeso. Mita imeneyi imangonena ngati mphamvu yochoka mu wailesi ikulandiridwa kapena ikubwerera. Kumene mphamvuyo yapita italandiridwa, mitayo sidziwa. Ka dummy load, kamene kamasandutsa mphamvu yonse kukhala kutentha osatumiza kanthu, kamaonetsa SWR yabwino kuposa eriyo iliyonse. Choncho Yagi imene mzati waisokoneza ikhoza kuonetsa nambala yokoma pa mita, makamaka ngati munthu wasunthasuntha kachubu ka polumikizira waya kotchedwa gamma match mpaka singano itatsika, pamene mafunde ake akumwazikira kosafunika. Ndi chikomekome cha mkuyu chenicheni.

Wina anganene kuti kusankha eriyo yaifupi n'kutaya gain, pamene gain ndi imene timagulira eriyo yolozera. Ndikuvomera kuti chotayika chilipo, koma tichiyeze. Eriyo siwonjezera mphamvu. Imangoisonkhanitsa, monga woitana mnzake kutsidya la dambo amakuta manja pakamwa kuti mawu asamwazike. Yagi ya tindodo 3, ya msana wosakwana mita imodzi, imapereka kale 7 kapena 8 dBi. Kuchokera pamenepo phindu limabwera movutikira, pakuti kuwirikiza kawiri utali wa msana kumangowonjezera ma dB osakwana 3. Ya tindodo 3 ndi ya tindodo 9 zimasiyana ndi ma dB 5 kapena 6, ngati manambala onse akuwerengedwa mofanana, chifukwa ogulitsa ena amalemba dBi, ena dBd, ena amangoti dB, ndipo dBi imaoneka yokulirapo ndi 2.15 pa eriyo yomweyomweyo. Ma dB 6 amenewo ayerekezeni ndi zimene zimatayika kwina. Mamita 30 a waya wowonda wa RG-58 amadya pafupifupi ma dB 6 pa 145 MHz, kutanthauza kuti pa magawo 4 a mphamvu limodzi lokha ndi limene limafika pamwamba. RG-213 wautali womwewo amadya osakwana 3. Ndiye palinso kukwera. Mafunde a VHF, monga a 145 MHz, amafika pafupifupi pamene maso amafika: pachidikha eriyo ya pa mamita 4 imaona mpaka makilomita pafupifupi 8, ya pa mamita 16 mpaka makilomita 16, ndipo n'chifukwa chake nsanja zimamangidwa pamwamba pa mapiri ngati la Dedza ndi la Zomba. Eriyo yaifupi ndi yopepuka, ndipo mzati womwewo umatha kuikweza kuposa yaitali imene mwera ungaigwedeze usiku wonse. Ndalama imene ikanapita ku tindodo 6 towonjezera imabweza zambiri ikapita ku waya wabwino ndi mamita angapo a mzati.

Pa zifukwa zimenezi, kwa munthu amene akufuna kufikira repeater imodzi kapena chigawo chimodzi, ine ndingaike patsogolo Yagi ya tindodo 3 mpaka 5 imene msana wake wapitirira kumbuyo kwa kandodo komaliza kuti chomangira chikhale kumeneko. Kuseri kwa kandodo kakumbuyoko, kobweza mafunde, ndi kumene eriyo yadzipangira yokha malo abata, ndipo mzati woima pamenepo umakhudza zochepa. Kufupikako n'kumene kumalola zimenezi, pakuti msana wa mamita 3 wogwiridwa kunsonga kokha umawerama n'kumakoka mzati. Palinso china chimene kutembenuza eriyo kumasintha, chomwe wogula ayenera kuchidziwiratu. Yagi sipanikiza mafunde mofanana mbali ziwiri: motsata tindodo ndi opanikizika, mopingasa ndi otambalala. Ya tindodo 3 ikagona imagwira madigiri pafupifupi 60 a dziko lozungulira ndipo m'mbali mwake ndi mogontha kwambiri. Ikaimirira imagwira madigiri 100 kapena kuposerapo, ndipo kugontha kwa m'mbali kuja kumasamukira kumwamba ndi pansi. Kwa oyang'anira nkhalango amene amalondola nyama zovekedwa kolala ya wailesi, kutambalala kumeneku kumavutitsa kuloza, ndipo amatembenuzatembenuza ka Yagi kawo ka m'manja asanatsimikize kumene kuli nyamayo. Kwa amene akulankhula ndi magalimoto oyendayenda m'chigwa chimodzi, ndi mwayi. Eriyo ya Moxon, yotchedwa dzina la Les Moxon wa ku England, imapititsa khalidwe limeneli patali. Ndi tindodo 2 topindidwa nsonga moyang'anizana, masentimita pafupifupi 75 mulitali ndi 27 mulifupi pa 145 MHz, ndipo gain yake ndi pafupifupi 6 dBi yokha, koma ikaimirira imamva mbali yaikulu ya kutsogolo konse pamene kumbuyo kwake n'kogontha ndi ma dB 20 kapena kuposa. Kawirikawiri chimene chimasautsa munthu ndi phokoso la siteshoni imene sakuifuna, ndipo pamenepo kugontha kwa kumbuyo kumaposa gain mtengo.

Mitundu ina tingaiyeze ndi funso lomweli la mzati. Log-periodic, imene inachokera ku yunivesite ya Illinois kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, imagwira mafunde osiyanasiyana nthawi imodzi ndipo yaifupi imamangika bwino kumbuyo. Malipiro ake ndi gain yochepa poyerekeza ndi utali wake. Corner reflector, imene John Kraus anaifotokoza mu 1940, ndi dipole yoima kutsogolo kwa makoma awiri a waya okumana ngati buku lotsegula. Mzati umabisala kuseri kwa makomawo ndipo mafunde sauona n'komwe, koma pa 145 MHz makomawo amakula ngati zitseko, choncho kwawo kwenikweni ndi ku mafunde aafupi a UHF, pamodzi ndi mapanelo aja timawaona pa nsanja za foni. Quad, imene Clarence Moore anaipanga ku wailesi ya HCJB ku Quito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940 chifukwa mpweya wopyapyala wa m'mapiri a Andes unkachititsa nsonga za tindodo kuthetheka moto mpaka kusungunuka, ili ndi ubwino wakuti kaimidwe kake kamasintha pongosuntha polumikizira waya: kunsi kwa bwalo mafunde amagona, pambali amaimirira. Koma mzati wolowa pakati pa mabwalo ake umaima motsata mafunde oimirirawo, ndipo sindikuona chifukwa choukhululukira. Imene imandigwira mtima kwambiri ndi njira imene amisiri a ma repeater akhala akuitsata kwa nthawi yaitali. Iwo salimbana ndi mzati, amaupatsa ntchito. Amaika dipole yopindidwa yoimirira pa kamkono, pa mtunda wa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a utali wa funde kuchokera pa mzati, womwe pa 145 MHz ndi theka la mita, ndipo mzatiwo umasanduka kandodo kobweza. Mafunde amakankhidwira kutsogolo ndi ma dB 2 kapena 3, ndipo akafuna kuonjezera amasanja ma dipole 2 kapena 4, ina pamwamba pa inzake, pa mzati womwewo. Ndi chitsulo chomwechija chimene chinaononga Yagi, koma pano anachiwerengera kuyambira pachiyambi.

Chitsutso cholemera kwambiri chimachokera kwa amene amati nkhani yonse ya kaimidwe ka mafunde ndi ya m'mabuku. Amati funde likagunda malata, makoma ndi mapiri limatembenuka, moti likamafika kwa womvera silikhalanso loimirira kapena logona. Wailesi ya m'manja imagwirabe ngakhale mwini wake ataipendeketsa, ndipo foni timaigwira mulimonse. Muli choonadi chambiri m'menemu. Pakati pa nyumba zothithikana ma dB 20 aja amatha kutsika kufika pa ochepa chabe. Pa shortwave, mafunde obwerera kuchokera kumwamba ku ionosphere amafika atazunguzidwa, kaimidwe kawo kakusinthasintha, moti kumeneko funsoli silivuta. Masetilaiti a GPS amatumiza mafunde opotana ngati sikuluwu pofuna kupewa vuto lomweli. Nsanja za foni nazo zimapendeketsa tindodo take madigiri 45 mbali iyi ndi iyo, ndipo amene akufuna eriyo yakunja ya rauta ya 4G asatsate zonse zimene ndanena pano, chifukwa iye akufunika maeriyo awiri opingasana. Koma taonani kuti zitsanzo zonsezi ndi za eriyo imene ili pansi pakati pa zinthu, kapena za mafunde odzera kumwamba. Munthu wogula eriyo yolozera n'kuikweza kupitirira madenga akuchita zimenezo pothawa mafunde obwererabwererawo kuti agwire funde lolunjika lochokera pa nsanja, ndipo funde lolunjika limasunga kaimidwe kake. Eriyo ikamakwera ndi kuloza bwino, m'pamenenso kaimidwe kake kamafunika. Ndipo ngakhale titavomera kuti funde likufika losakanizika, mzati suchoka pa mlandu: chimene eriyo yoimirira imatola ndi gawo loimirira la fundelo, ndipo gawo limenelo ndi lomwe mzati umalisokoneza.

Chitsutso china ndi cha amene ali kutali kwenikweni, kumalire kumene mawu amamveka pakati pa mkokomo. Pa FM malire amenewa ndi akuthwa: ma dB 3 okha amatha kusiyanitsa mawu omveka ndi phokoso lokhalokha, ndipo kwa munthu wotere malangizo oti agule eriyo yaifupi angamveke ngati kumuuza kuti agonje. Sindikumuuza zimenezo. Ndikumuuza kuti mtengo wa Yagi yaitali yoimirira suthera m'sitolo. Njira zoiikira bwino zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kumaliza mzati ndi chigawo cha fibreglass chotalika mokwanira kuti chitsulo chithere kunsi ndithu kwa nsonga za tindodo, zomwe pa 145 MHz zimafuna zoposa mita imodzi. Paipi ya carbon fibre sithandiza, pakuti magetsi amadutsamo. Yachiwiri ndi kuika mtanda wogona pamwamba pa mzati n'kumanga eriyo kunsonga kwake, kutali ndi mzatiwo, ndipo popeza kulemera kumafuna kulingana ambiri amaika ma Yagi awiri, ina uku ina uku, n'kupindulanso ma dB ofika pafupifupi 3. Apa pali msampha waung'ono: onse awiri ayenera kuimirira mofanana, mbali imodzimodzi ya polumikizira ili m'mwamba, chifukwa imodzi ikazondoka mafunde ake amafafaniza a inzake kutsogolo kwenikweniko. Amene wawerengera zonsezi, pamodzi ndi kulimba kwa mzati ndi zingwe zoukokera, n'kuona kuti ndalama ikukwana, agule yaitaliyo. Wasankha kuyambira pa mzati, ndipo n'chokhacho chimene ndikupempha.

Kwathu kuno wina angati vutoli ndi la anthu a mapaipi achitsulo, popeza maeriyo ambiri m'midzi ndi m'matauni mwathu amakwezedwa pa nsungwi kapena pa mtengo wa bulugamu. N'zoona kuti nsungwi youma ndi bwenzi la eriyo yoimirira, ndipo palibe chifukwa choichitira manyazi. Koma mtengo ukanyowa m'dzinja umayamba kumwa pang'ono mphamvu ya mafunde, ngakhale sufika poipa ngati chitsulo, ndipo waya womangiriridwa motsata nsungwi kuyambira pakati pa msana amabwezera chitsulo pamalo pomwe tinachichotsa. Pamwamba pa izi pali mphenzi. Mzati wachitsulo wolumikizidwa bwino ku nthaka umapatsa mphenzi njira yake. Pa nsungwi kapena fibreglass njira yachitsulo yotsala ndi waya wa coax yekha, ndipo wayayo amathera m'nyumba, pa wailesi, pafupi ndi munthu. M'dziko limene mabingu amagunda kuyambira Novembala mpaka Epulo iyi si nkhani yoinyalanyaza. Ukonde wa waya uyenera kulumikizidwa ku ndodo ya kopa yokhomedwa m'nthaka panja wayayo asanalowe m'nyumba, ndipo mvula yamabingu ikamayandikira chanzeru n'kumasula waya pa wailesi n'kumuika kutali. Apanso eriyo yomangidwa kumbuyo ikupambana, chifukwa imalola kuti mzati ukhalebe wachitsulo, wolumikizidwa ku nthaka, mwinanso wopitirira pamwamba pa eriyo. Mvula yokha nayo ili ndi zake. Eriyo imene anaipanga kuti igone ikaimiritsidwa, timabowo totulutsira madzi timapezeka tayang'ana cham'mbali, ndipo pakamwa pa kachubu kalikonse, kaya ka kandodo kaya ka gamma match, pakayang'ana kumwamba pamatunga madzi ngati kapu. Izi n'zofunika kuziona eriyo ikadali m'manja, munthu asanakwere.

Popeza mita ya SWR singayankhe, umboni woti mzati ndi eriyo zagwirizana umapezeka ndi khutu komanso mita ya mphamvu ya pa wailesi. Sankhani siteshoni yakutali ya mafunde oimirira, yofooka mokwanira kuti mita isadzaze, n'kuzungulitsa mzati pang'onopang'ono mpaka utabwerera pomwe munayambira. Kutsogolo sikuphunzitsa zambiri, chifukwa Yagi yaifupi yoimirira ndi yotambalala ndipo kutayika kwa dB imodzi sikumveka. Kumbuyo ndi kumene kumaulula. Eriyo imene ili bwino imatsika kwambiri ikafulatira siteshoniyo, ndipo kutsikako kumayenda mofanana mukadzera kumanja kapena kumanzere. Ngati kumbuyo kukumva pafupifupi ngati kutsogolo, kapena malo ogontha apezeka mbali imodzi yokha, kapena mphamvu ikusintha mukangogwira waya n'kumusuntha, ndiye kuti pali chitsulo china chimene chikugwira nawo ntchito ya tindodo. Zoyamba kuzikayikira ndi mzati ndi waya, kenako zingwe zachitsulo zokokera mzati, kenako malata a denga ngati eriyo ili pafupi nawo kwambiri. Musinthe chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, n'kuzungulitsanso.